Maulendo a Mahmoud Abbas: kuzindikiridwa ndi kwina, umembala ndi kwina

Ndakhala ndikuphunzitsa malamulo a ubale wa mayiko kwa zaka zambiri, ndipo pali cholakwa chimodzi chimene chanditopetsa kuchikonza. Mtsogoleri wa Palestine, a Mahmoud Abbas, akangonyamuka ulendo wa ku New York, ku Paris kapena ku Addis Ababa, ena amathamangira kulengeza kuti Palestine tsopano walowa m'bungwe la United Nations, pamene ena amanyogodola kuti mkuluyu akungoyendayenda kudya ndalama za anthu ovutika. Onsewa amalakwitsa chifukwa sasiyanitsa kuzindikiridwa ndi mayiko ndi kulandiridwa monga membala wa bungweli.

Kuzindikira dziko lina ndi chiganizo cha boma lililonse palokha, ndipo palibe amene angaliletse. Kuyambira pomwe a Yasser Arafat, amene ankatsogolera Apalestina nthawi imeneyo, analengeza ufulu wa Palestine mumzinda wa Algiers pa 15 Novembala 1988, mayiko oposa 150 achita zimenezi, ndipo mu Seputembala 2025 Britain, Canada, Australia ndi France anawonjezeka pa mndandandawo. Umembala wathunthu uli ndi khomo lina. Pempho limayenera kudutsa kaye ku Security Council, nthambi yoona za chitetezo ya mayiko 15, kumene pamafunika mavoti 9 ndiponso kuti pasakhale dziko lokana pakati pa mayiko asanu okhazikika, omwe ndi America, Britain, France, Russia ndi China. Zikatheka zimenezo m'pamene msonkhano waukulu wa mayiko onse umavota. Ngakhale mayiko onse a pansi pano atavomereza, kukana kwa America yekha kumatseka khomolo, monga zinachitikira pa 18 Epulo 2024, pamene mayiko 12 anavomera, Britain ndi Switzerland sanavotere mbali iliyonse, ndipo America anakana.

Nkhani imene imandivutitsabe mumtima ndi ya 2011. Pa 23 Seputembala chaka chimenecho a Abbas anapereka kalata yopempha umembala m'manja mwa mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, a Ban Ki-moon. Ankadziwa bwino lomwe kuti boma la a Barack Obama linali litanena kale kuti likana. Chimene ankafuna chinali kupeza mavoti 9, kuti America akakamizike kukana yekha pamaso pa dziko lonse, m'malo mobisala kumbuyo kwa kuchepa kwa mavoti. N'chifukwa chake nthumwi za Palestine zinkapita ku malikulu a mayiko amene anthu ambiri sangaganize kuti ali ndi gawo pa mkangano wa ku Middle East. Mayiko ngati Gabon, Nigeria, Colombia ndi Bosnia anali pa mipando ya zaka ziwiri mu Security Council, ndipo voti ya lililonse inali yolemera ngati ya dziko lalikulu. A Abbas anafika okha ku Bogotá mu Okutobala, koma boma la Colombia silinasunthe. Ku Bosnia, kumene upulezidenti umagwiridwa ndi anthu atatu oimira mitundu itatu, atatuwo analephera kumvana, ndipo voti ya dzikolo inatayika. Mu Novembala komiti yoona za mamembala atsopano inanena kuti yalephera kugwirizana chimodzi, ndipo kalatayo inagona osavoteredwa kwa zaka zoposa 12. M'chaka chomwecho cha 2011, South Sudan anadziimira payekha pa 9 Julayi ndipo pa 14 Julayi anali atalandiridwa kale. Ndikamauza ophunzira anga masiku asanu amenewo ndimaona nkhope zawo zikusintha, chifukwa amazindikira kuti malamulo ndi amodzimodzi koma liwiro lake limatengera amene akukugwira dzanja.

Amene amati maulendowa ndi achabe aone zimene zinatsatira. Pa 29 Novembala 2012 msonkhano waukulu unakweza Palestine kukhala dziko lopenyerera losakhala membala, ndi mavoti 138 ovomera, 9 okana ndi 41 osatenga mbali, ndipo Malawi anali m'gulu lomalizali. Mawu akuti "dziko" m'chigamulocho ndi amene anatsegula njira yoti Palestine asainire mapangano a mayiko ndi kulowa m'khoti la International Criminal Court, loweruza milandu ikuluikulu ngati ya pa nkhondo, pa 1 Epulo 2015. Mavoti 138 amenewo sanagwe kuchokera kumwamba. Anasonkhanitsidwa imodzi imodzi, m'maofesi a nduna za zakunja, pa misonkhano ya African Union ndi ya Arab League, ndi anthu amene alibe ngakhale bwalo la ndege, chifukwa la ku Gaza lomwe linatsegulidwa mu 1998 linawonongedwa patangopita zaka zochepa. Mtsogoleri wochokera ku Ramallah, mzinda wa ku West Bank kumene kuli boma la Palestine, amatulukira ku Jordan, pa malire amene akuyang'aniridwa ndi Israel. Ngakhale khomo la New York, kumene kuli likulu la United Nations, silotseguka nthawi zonse. Mu 1988 America anamana a Arafat viza, ndipo msonkhano waukulu unasamukira ku Geneva kukawamvera. Mu 2025 a Abbas anamanidwanso, koma ulendo uno palibe amene anasamuka, ndipo iwo analankhula kudzera pa kanema.

Chilichonse chimene apindula chabwera ndi chilango chake. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, italandira Palestine mu Okutobala 2011, America anasiya kupereka ndalama ku bungwelo. Malinga ndi pangano la ku Paris la 1994, Israel ndi amene amatolera misonkho ya katundu wolowa m'madera a Palestine n'kuipereka ku boma la ku Ramallah, ndipo anaigwira ndalamayo pambuyo pa voti ya 2012 komanso kumayambiriro kwa 2015. Amene amamva kupweteka ndi mphunzitsi ndi namwino amene malipiro awo amadulidwa.

Apa ndiyenera kuchenjeza za akatswiri onyenga amene achuluka pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ena amatumiza kanema wa nthumwi zikuomba m'manja ku msonkhano waukulu wa United Nations mu Meyi 2024 n'kulemba kuti umembala watheka, pamene chigamulo cha mavoti 143 chimenecho chinangopatsa Palestine mpando pakati pa mayiko ndi ufulu wopereka mfundo, osati voti. Ena amaimirira pa guwa n'kuphunzitsa kuti Apalestina ndi Afilisti a m'Baibulo, osadziwa kapena kubisa dala kuti ku Bethlehem kuli Akhristu achipalestina amene mipingo yawo ndi yakale kwambiri kuposa yathu. Kwa ife nkhaniyi si ya kutali, popeza boma lathu linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu 2024, achinyamata athu akugwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo voti ya Malawi ku New York imawerengedwa mofanana ndi ya India. Nzika imene yanamizidwa singafunse boma lake chifukwa chimene linavotera momwe linavoteramo.

Chimene ndimaopa koposa ndi kuchedwa, ndipo pa mfundo imeneyi a Abbas nawonso ali ndi mlandu woyankha. Anasankhidwa mu Januwale 2005 kuti alamulire zaka 4, ndipo kuyambira pamenepo sipanachitikenso chisankho cha pulezidenti. Cha 2021 anachiimitsa ponena kuti Israel sanalole kuvota ku East Jerusalem. Gaza inachoka m'manja mwawo mu 2007 gulu lopikisana nawo la Hamas litailanda. Kazembe aliyense amene akukhala nawo pa tebulo amadziwa zimenezi, ndipo amadzifunsa kuti mlendoyu akulankhulira ndani. Pamene mapepala akuchuluka, nthaka imene mapepalawo akunena ikuchepa. Pamene a Abbas ankasainira pangano la mtendere la Oslo, la pakati pa Israel ndi Apalestina, ku Washington pa 13 Seputembala 1993, Aisraeli okhala m'midzi yomangidwa ku West Bank, kupatula East Jerusalem, anali pafupifupi 110,000. Lero afika pafupifupi 500,000, ndipo munthu amene anagwira cholembera tsiku limenelo, wobadwa mu 1935, akuyendabe ndi kalata ya 2011 yomweyo.