Chifukwa chake mabwalo a gofu akukwirira maenje a mchenga

Anthu oonera gofu pa TV amaganiza kuti ntchito yaikulu pa bwalo ndi udzu wa pa green, malo osalala ozungulira kabowo kolowetsamo mpira. Ife osamalira mabwalo timadziwa kuti maenje a mchenga, omwe osewera amati ma bunker, amatidyera nthawi yochuluka kwambiri ngakhale kuti amatenga malo ochepa. Mchenga umafunika kusalaza ndi reki, udzu wa m'mphepete kudula, timiyala kutola. Ikagwa mvula yamphamvu, mchenga wa m'makoma umakokolokera pansi n'kusakanikirana ndi dothi, ndipo antchito amatha tsiku lonse akuubwezera ndi mafosholo. Zikachitika kangapo, mchengawo umalimba, madzi osalowanso pansi, bunker n'kusanduka chithaphwi.

N'chifukwa chake makalabu ambiri ku America ndi ku Britain, akamakonzanso mabwalo awo, akuchepetsa ma bunker. Nzeruyi ndi yakale ndithu. M'zaka za m'ma 1930, chuma cha America chitagwa, bungwe la akatswiri a gofu la PGA of America linatuma katswiri wokonza mabwalo, A.W. Tillinghast, kuti ayendere makalabu, ndipo iye analangiza kuti akwirire ma bunker masauzande omwe ankangozunza osewera wamba.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Mipira ndi ndodo za masiku ano zimaponya patali kuposa kale. Bunker yomwe inakumbidwa kuti ikole katswiri zaka 60 zapitazo, lero katswiriyo amangoidumpha osaiganizira n'komwe. Imakola agogo, ana ndi ongoyamba kumene, anthu omwe timafuna kuti abwerenso mawa. Masewera amachedwa, kalabu n'kumalipira ndalama zosamalira chinthu chothamangitsa mamembala ake. Bunker yabwino ndi yomwe imachititsa wosewera kuima kaye n'kusankha: ndiwombe molunjika pafupi nayo kuti njira ya ku green ifupike, kapena ndilambalale?

Chiwerengero pachokha sichipanga bwalo kukhala labwino. Augusta National, komwe kumachitikira mpikisano wa Masters, kuli ma bunker 44 okha. Whistling Straits ku Wisconsin ali nawo pafupifupi 1,000, ndipo mu 2010 Dustin Johnson anagunditsa ndodo pamchenga pa hole (chigawo cha bwalo) yomaliza osazindikira kuti waima mu bunker. Popeza kutero n'koletsedwa mu bunker, anamuwonjezera mashoti awiri a chilango, mwayi wopikisanira chikho cha PGA Championship n'kumupulumuka. Royal Ashdown Forest ku England alibe bunker ngakhale imodzi, koma palibe amene amati ndi bwalo lophweka. Ku Old Course ya St Andrews ku Scotland aliko 112, komabe kadzenje kamodzi kakuya ka pa hole 17, Road Hole, ndi komwe kamalamulira mmene aliyense amasewerera pamenepo.

Ma bunker otsala timawamanganso kuyambira pansi. Choyamba timaumba nthaka yozungulira kuti madzi oyenderera azilambalala, chifukwa madzi ochokera kunja ndi amene amawononga kwambiri. Pansi timayala mapaipi ochotsa madzi, pamwamba pake timiyala tomatidwa ndi mankhwala, monga njira za Better Billy Bunker ndi Capillary Concrete. Madzi amadutsa, koma dothi silikwera kudzadetsa mchenga. Mchenga wake ukhale wa makona, osati wobulungira wa kumtsinje womwe umameza mpira: masentimita 10 mpaka 15 pansi, pafupifupi 5 m'makoma. Malo omwe takwirira timawasiya ngati zigwa za udzu wometa bwino. Wongoyamba amatha kutulukamo ndi putter, ndodo yogubuduzira mpira pansi, pomwe katswiri amavutika kusankha ndodo.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi komiti yokwirira ma bunker poyang'ana bajeti yokha. Musanaitane makina, yendani pabwalo ndi osewera a misinkhu yonse, muone komwe mipira yawo imagwera, ndipo mufunse amene amagwira reki kuti ndi ma bunker ati amene amasefukira mvula ikagwa.