Si zoona kuti tayala lililonse lolowa pa limu ndi loyenera

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva pamalo omata matayala kuno ku Kasungu kuti tayala ndi tayala, bola lalowa pa limu, ndipo kuti amakaniko akalakwitsa saizi palibe chifukwa chobwererako. Zimenezi si zoona.

M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala, monga 185/65 R15. Yoyamba ndi kukula kwake m'lifupi, m'mamilimita, yachiwiri ndi kutalika kwa khoma lake poyerekeza ndi kukulako, pomwe yomaliza ndi saizi ya limu m'mainchesi. Tayala la 185/70 R15 limalowa bwinobwino pa limu yomweyo, komabe ndi lalitali kuposa linzakelo ndi pafupifupi masentimita 2, ndipo m'pamene anthu amanamizika chifukwa ndi maso sizioneka. Awiriwa akakhala lina kumanja lina kumanzere, amazungulira mosiyana, motero galimoto imatha kukokera mbali imodzi mukaponda mabuleki mwadzidzidzi, makamaka pa tala wonyowa wa M1 nthawi ya dzinja. Ngati ndi matayala amene amakoka galimoto, difu, chipangizo chimene chimagawa mphamvu ya injini ku matayala awiriwo, imagwira ntchito yowonjezera ngakhale msewu uli wowongoka, ndipo imatha msanga.

Musanabwereze kwa anzanu zimene munangomva, gwadani muwerenge manambala a matayala onse anayi, muwafanizire ndi olembedwa pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimotoyo. Akasiyana, bwererani kumene anakuikirani, mukuyenda pang'onopang'ono komanso musananyamule katundu, akasinthe.