Voti ya chamba: mafunso amene anthu akufunsana kuno ku Zomba

Nkhani ya chamba ikangobuka, kaya ndi pa depoti, kaya pa Chinamwali podikira minibasi, kaya kwa ana a Chanco ku Chikanda uko, sipalephera wina wonena kuti "angotiponyetsa voti ngati ku America tithane nazo basi." Ena amangoti paja analoleza kale, ena amati mukufuna dziko lonse lipenge eti. Nde tiyeni tiwatenge mafunsowa limodzi limodzi.

Kodi si paja chamba anachiloleza kale mu 2020?

Eya komanso ayi, ndipo apa mpomwe anthu ambiri akugwidwira. Mu Febuluwale 2020 aphungu anavomereza lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act, nduna ya zamalimidwe nthawi imeneyo anali a Kondwani Nankhumwa, koma amene anayamba kuiputa nkhaniyi mu Nyumba ya Malamulo anali a Boniface Kadzamira a ku Ntchisi cha mu 2015, ndipo aphungu anzawo anawaseka kwambiri tsiku limenelo. Lamulolo linaloleza kulima, kukonza ndi kugulitsa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, chija amapangira zingwe, nsalu, mafuta ndi zina, koma ukhale ndi layisensi yochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kongofuna kumva bwino sikunaloledwe olo pang'ono. Akakupeza ndi kandudu mthumba pa rodibuloko, lamulo lakale lija la Dangerous Drugs Act likadali pompo, ulowa basi. Ndipo wolima kapena kugulitsa popanda chilolezo lamulo la 2020 limati atha kupatsidwa zaka mpaka 25.

Mu Malichi 2024 aphungu anavomerezanso bilu imene anabweretsa a Peter Dimba yofuna kuti chamba chathu chenichenichi, cha makolo, nacho chizilimidwa mwa layisensi. Koma naponso nkhani inali ya ulimi ndi malonda, osati yoti aliyense azipemerera utsi pa msika wa Zomba.

Nanga ku America voti yakeyo imayenda bwanji?

Kumeneko zigawo zina zili ndi dongosolo loti anthu wamba akalemba lamulo lawo nkusonkhanitsa masiginecha okwanira, funsolo limaikidwa pa pepala la voti, aphungu afune asafune. Ku Colorado mu 2012 ankafunika masiginecha oposa 86,000, anawapeza, ndipo pa 6 Novembala anthu pafupifupi 55 pa 100 aliwonse anati inde. Tsiku lomwelo chigawo cha Washington nachonso chinavomereza. Lamulo la Colorado linati munthu wa zaka 21 kupita mtsogolo atha kukhala ndi magalamu 28 ndi kudzala mitengo isanu ndi umodzi pakhomo, ndipo mashopu anatsegulidwa pa 1 Januwale 2014.

Koma musaganize kuti paliponse zimadutsa. California mu 2010 inakana, kenako mu 2016 mpomwe inavomera. Florida mu 2024 anthu pafupifupi 56 pa 100 anati inde koma zinagwabe chifukwa kumeneko pamafunika 60. Ndipo boma lalikulu la ku Washington DC silinalolezebe kusuta kwachisangalalo, nde zimatheka kuti chinthu chili chololedwa mchigawo chako koma mabanki akuluakulu nkumaopa kukusungira ndalama zake.

Maiko ena sanadzere voti konse. Uruguay mu 2013 ndi Canada mu 2018 anadzera ku nyumba ya malamulo. Ku Joni anali makhoti, mu 2018 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linati munthu wamkulu akamasuta kwake mseri asamangidwe, koma kugulitsa ayi.

Ndiye ifeyo tingasonkhanitse masiginecha nkupanga zomwezo?

Ayi aise, njira imeneyo kuno kulibe. Mutha kusayinitsa anthu kuyambira Matawale mpaka ku Jali, pepalalo lidzangokhala chikalata chodandaula chokapereka kwa DC kapena ku Nyumba ya Malamulo, silikakamiza aliyense. Malamulo oyendetsera dziko lino amapereka mphamvu yoitanitsa riferendamu kwa Pulezidenti, komanso riferendamu imafunika pamene akufuna kusintha zigawo zina zotetezedwa za malamulowo, monga za ufulu wachibadwidwe. Chamba sichili mgulu limenelo, aphungu atha kuchisintha ndi bilu wamba ngati mmene anachitira mu 2020.

Riferendamu imene tonse timaidziwa ndi ya pa 14 Juni 1993, ya nyali ndi tambala wakuda, pomwe anthu oposa 60 pa 100 anasankha zipani zambiri. Kuchokera pamenepo sitinaponyenso ina. Nde amene akuti tiponye voti akupempha Pulezidenti kuti aike dzina lake pa nkhani ya fodya wamkulu, mipingo ikumuyang'ana, mashehe akumuyang'ana, kenako apezenso mabiliyoni oti MEC iyendetsere zimenezo. Inuyo mukuona wandale wake uti?

Amati kuloleza chamba kungabweretse ndalama zambiri za msonkho, nzoona kapena nkukometsa chabe?

Ndalama zilipo ndithu. Colorado pofika 2019 inali itatolera msonkho ndi ziphaso zoposa 1 biliyoni ya madola, ndipo pokopa anthu analemba mu lamulo momwemo kuti madola 40 miliyoni oyamba a msonkho wa pa fakitale chaka chilichonse azipita komangira sukulu. Apa anachenjera, chifukwa mayi amene sanagwirepo ndudu moyo wake wonse amatha kuvota inde poganizira kalasi ya mwana wake.

Vuto ndi loti msonkho ukakwera, wogulitsa mseri uja amasangalala. Washington inaika 37 pa 100. California inaika wake, kuonjezera wa mizinda, kuonjezera mtengo wa layisensi ndi zoyeza mu labu, komanso mizinda yambiri inakana kuti mashopu atsegulidwe mdera lawo, mapeto ake msika wozembetsa sunafe, mpaka mu 2022 boma lawo linachotsa msonkho wa pa kulima pofuna kupulumutsa alimi olembetsa. Tsono kumeneko ndi dziko loti pafupifupi aliyense amagula ndi risiti. Kuno chamba chimachoka ku Nkhotakota kapena ku Mzimba chitakulungidwa bwinobwino, chabisidwa pansi pa matumba a makala kaya a chimanga, chafika mtauni wagula motchipa kuseri kwa hokala, nde munthu ameneyu mumuuze kuti azikagula mu shopu ya layisensi pa mtengo wokwera kawiri kuti MRA ipezepo kake? Ine sindikuona. Msonkho wa chamba kuno ukanayenera kuyamba wochepa kwambiri, mwina kumangodalira zotumiza kunja, ndipo amene akulonjeza kuti chamba chidzamanga misewu chaka choyamba akungokopa anthu.

Za kunjazonso pali mawu. Simungangotumiza chamba chosuta ku dziko lililonse, mapangano a maiko onse a 1961 okhudza mankhwala ozunguza bongo amangolola za mankhwala ndi kafukufuku, ndipo ogula a ku Ulaya amafuna cholimidwa ndi kuumitsidwa mwa muyezo wawo, choyezedwa mu labu. Dzina loti Malawi Gold, limene chamba chathu chimadziwika nalo kunja, ndi lotchuka inde, koma dzina palokha silidutsa pa kasitomu.

Mlimi wamba apindulapo chani?

Funso ili kwa ine ndi lalikulu kuposa voti yeniyeniyo. Pamene mitengo ya malayisensi inalengezedwa kumapeto kwa 2020, yolima chamba cha mankhwala inali madola 10,000 ndipo ya cha mafakitale madola 2,000. Madola, osati makwacha. Munthu amene wakhala akulima mobisa mphiri zaka zonsezi, amene amadziwa mbewu yake, nthawi yothyola, kaumitsidwe kake, ndalama imeneyo aitenga kuti? Anauzidwa kuti apange makopaletivi, ena anasonkha ndithu, koma madandaulo a kusowa msika tinawamva tonse mma wailesi. Mu 2021 boma linafika polembera Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba chathu, a Chakwera nawonso ankanena kuti fodya tsogolo lake latha tiyang'ane mbewu zina ngati chamba, koma mlimi wa pansi sanaone kusintha kwenikweni.

Ndipo tikudziwa mmene zimathera ndi fodya ku okushoni ku Limbe kapena ku Kanengo, wolima ndi amene amapita kwawo ndi zochepa pamene wogula ndi amene amatchula mtengo. Voti ya inde yopanda ndime yonena za mlimi wamng'ono idzangosamutsa phindu kuchoka kwa wozembetsa kupita kwa wa kampani, mlimi adzakhala waganyu pa mbewu yake yomwe.

Nanga misala? Ife tili ndi chipatala chake pompano

Anthu a ku Zomba nkhani iyi sitiimva ngati nthano, Zomba Mental Hospital ili pakhomo pathu ndipo odwala amachokera mzigawo zonse. Amene amati chamba ndi therere chabe sichipweteka akunama. Mankhwala a mchamba otchedwa THC, akakhala ambiri ndipo munthu akumasuta tsiku ndi tsiku, makamaka atayamba ali wamng'ono, chiopsezo cha matenda a maganizo chimakwera, kuli bwanji ngati kumtundu kwawo vutoli lilipo kale. Ubongo umakhala ukukhwimabe mpaka zaka za m'ma 20, ndipo aku America anaika 21 osati 18.

Koma amene amati aliyense wosuta amathera ku Mental nayenso akukokomeza, tonse tikudziwa akuluakulu ena osuta amene akuyendetsa mabanja awo bwinobwino. Ofuna kuloleza amati panopa wogulitsa safunsa zaka, mwana wa Fomu 2 amagula mosavuta, nde bola shopu yoti ikagulitsa kwa mwana ilandidwe layisensi. Mfundo yabwino ndithu. Koma otsutsa amayankha kuti taonani mowa, lamulo la zaka 18 lilipo koma ndani amafunsa chitupa pa bala, ndipo masacheti aja analetsedwa koma mowa waukali wotchipa unangobwerera mtimabotolo. Apa ine ndimaona kuti otsutsa ali ndi mfundo yolimba, chifukwa lamulo lolembedwa bwino popanda woliyendetsa silimuteteza mwana wa aliyense. Ngati tikuloleza, gawo la msonkho lilembedwe poyera kuti likupita ku chithandizo cha matenda a maganizo, madokotala ake mdziko muno ndi owerengeka kwambiri.

Amene ali mndende chifukwa cha chamba adzatuluka?

Zimatengera mmene lamulo lalembedwera, sizichitika zokha. La California la 2016 linalola kuti anthu apemphe kuchepetsa zilango kapena kufufuta mbiri ya milandu yakale, pamene la Colorado la 2012 linalibe zimenezo, anachita kukonza pambuyo. Kuno mukukumbuka 2022, mnyamata wina ku Blantyre anagamulidwa zaka 8 chifukwa cha chamba, anthu anakwiya mpaka kuyenda pamsewu poona kuti ena a ndalama amangolipira faini nkumapita kwawo, kenako khoti lalikulu linatsitsa kufika zaka 3. Ndende ya Zomba ndi ya Mikuyu nzodzaza kale, nde funso loti kodi wopezeka ndi kandudu kamodzi akuyeneradi kukagona mmenemo ndi lofunika kulifunsa olo kwa munthu amene sakufuna mashopu a chamba. Pali njira yapakati, kuchotsa ndende kwa wosuta koma kugulitsa kukhalebe mlandu.

MaRasta ali pati pamenepa?

Iwo amati ndi sakramenti, ndipo akhala akupereka zikalata kwa nthawi yaitali. Lamulo la 2020 silinawapatse zomwe ankafuna. Chomwe anapambana ndi china, mu 2023 khoti lalikulu pompano pa Zomba, Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti ana a ma dredi aziloledwa msukulu za boma. Taonani kuti anadzera ku khoti. Gulu laling'ono likadikira voti ya anthu onse nthawi zambiri limaluza.

Itati yachitika mawa, ingadutse?

Ine ndikukaika kwambiri. New Zealand, dziko loti mipingo ilibe mphamvu ngati kuno, mu 2020 inde anapeza 48 pa 100 ndipo ayi anapambana pang'ono. Kuno abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu atangogwirizana Lamulungu limodzi ndi Lachisanu limodzi, basi yatha. Ndipo ikagwa, wandale aliyense adzakhala ndi poyankhira kwa zaka 20, "anthu anakana kale."

Chimodzi chomwe New Zealand inachita bwino nchoti bilu yonse inalembedwa ndi kutulutsidwa anthu asanavote, zaka zoyambira 20, magalamu 14 pa tsiku, mitengo iwiri pa munthu, aliyense ankadziwa chomwe akuvomera kapena kukana. Atati atifunse kuno, ine ndingafune pepala ngati limenelo liyambe lafika mu Chichewa, Chiyao, Chitumbuka ndi zina, likunena kuti layisensi ya mlimi wa ekala imodzi ndi makwacha angati, woyendera mashopu ndi khonsolo kapena apolisi, msonkho ukupita kuti, ndipo amene ali mkati pa milandu yaing'ono atani nawo. Akangobwera ndi funso loti "chamba, inde kapena ayi" lokha, ndivota ayi olo ndimafuna kusintha.