Kukhala m'House of Lords si chishango cha wakuba

Anthu ambiri, ngakhale abale athu okhala ku Britain, amakhulupirira kuti membala wa House of Lords, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo, sangamangidwe chifukwa ali ndi ufulu wapadera wa aphungu. Zimandipweteka kumva zimenezi, chifukwa ufuluwu ndi wamtengo wapatali ndipo tikuunamizira. Unalembedwa m'lamulo lotchedwa Bill of Rights la 1689, ndipo umateteza mawu oyankhulidwa pa zokambirana za Nyumbayo, kuti munthu athe kudzudzula akuluakulu osaopa kusumiridwa. Pa milandu yaupandu ngati kuba sufikapo. Mu 2010 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kubera ndalama za alawansi ndi mlandu wopita kukhoti wamba, ndipo mu 2011 mamembala awiri a Nyumbayo, Lord Hanningfield ndi Lord Taylor of Warwick, analowa m'ndende pa mlandu woterewu.

Komiti ya Nyumbayo yotchedwa Procedure and Privileges, yomwe dzina lake limatchula ufulu wapaderawu, nayo siibisa olakwa. Motsogozedwa ndi Senior Deputy Speaker, wachiwiri wamkulu kwa Sipikala wa Nyumbayo, imaunika malamulo oyendetsera Nyumba: nthawi ya mafunso, kavotedwe, kutalika kwa zoyankhula. Zomwe yagwirizana zimadikira Nyumba yonse kuti ivomereze. Madandaulo okhudza khalidwe la membala sapita ku komitiyi, koma kwa mkulu wofufuza madandaulowo (Commissioner for Standards) ndi komiti yoona za khalidwe (Conduct Committee).