Chifukwa chake mvula ya ku Mulanje imasiyana ndi ya ku Phalombe

Alimi ambiri amandifunsa chifukwa chimene minda ya tiyi ku Mulanje ndi Thyolo imakhalabe yobiriwira mu Julayi, pomwe kuchigwa cha Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje, udzu umakhala utauma kale. Gwero la kusiyanaku ndi mphepo komanso phirilo.

Mphepo ya mwera imachokera kunyanja yamchere ya India itasenza chinyontho, n'kudutsa ku Mozambique. Ikafika paphiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, imakwera, ndipo ikamakwera imazizira mpaka chinyontho chija chimasanduka mitambo yomwe imakhuthula madzi kumbali yakummwera. Malo ena kumbali imeneyi amalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pachaka, pomwe ku Nsanje ndi Chikwawa nthawi zambiri safika ngakhale theka lake. Mphepoyo ikamatsikira ku Phalombe imakhala itatsala ndi chinyontho chochepa. Chiperoni, mvula yowaza ija ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti imene dzina lake linachokera kuphiri la Chiperone ku Mozambique, imabwera mwanjira yomweyi, ndipo ndiyo imasunga tiyi m'nyengo yachisanu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Anthu amakonda kufunsa kuchuluka kwa mvula ya chaka chonse, koma chiwerengero chimenechi chimabisa zambiri. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Mamilimita 100 akagwa pang'onopang'ono kwa masabata atatu amalowa m'nthaka chimanga n'kukondwa, koma akagwa usiku umodzi panthaka yokhuta kale amathamanga pamwamba, kukokolola dothi, mitengo ndi miyala, makamaka m'malo otsetsereka amene mitengo inadulidwa. Izi ndi zimene makolo athu ankazitcha napolo.

Si mwangozi kuti napolo wa ku Phalombe wa 1991 ndi namondwe wa Freddy wa 2023 onse anachitika mu Malichi, mwezi umene nthaka imakhala itamwa madzi dzinja lonse. Choncho kwa inu amene mumakhala m'mphepete mwa Ruo, Likhubula kapena Thuchila, mvumbi ukagwa masiku awiri kapena atatu osakata, mtsinje n'kuyamba kulira ndi miyala, samukirani kumtunda kusanade, ngakhale pamudzi panu mvulayo ikuoneka yochepa, pakuti madzi amene akubwerawo agwera kuphiri.