Musadule chithunzi chakale cha primrose kuti mupange khadi

Ndatopa nalo khalidwe ili la ena opanga makadi a mafuno abwino. Munthu wapeza chithunzi chenicheni cha primrose, duwa lachikasu la ku Ulaya, cha zaka 200 zapitazo, watenga sizasi, wadula m'mbali monse, n'kumata pa khadi ndi guluu. Chonde lekani. Pa khadi pamafunika kope la chithunzicho, chenichenicho chisungidwe.

Zithunzi zotere zimachokera m'mabuku akale a zomera a ku Britain. English Botany, yomwe zithunzi zake anajambula James Sowerby, inatuluka kuyambira 1790 mpaka 1814 ndipo ili ndi zithunzi zoposa 2,500. William Curtis naye anayambitsa Botanical Magazine ku London mu 1787. Mmisiri ankazokota duwalo pa chimbale cha mkuwa n'kudinda mizere yake ndi inki, kenako ena ankapaka utoto wamadzi pamanja, tsamba limodzilimodzi. Mukafuna kudziwa ngati chanu n'chenicheni, walitsani tochi chammbali. Mudzaona kamzere kolowa m'pepala kozungulira chithunzi, pomwe chimbale chinadinikiza. Tengani galasi lokulitsa kakhumi: mukaona timadontho tondondozana bwino ngati ta m'nyuzipepala, n'cha makina a masiku ano, dulani mmene mufunira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti sizasi imachotsa mbali zofunika kwambiri. M'mphepete ndi mmene muli kamzere kaja, nambala ya tsamba ndi tsiku lomwe linasindikizidwa. Zikapita, palibenso umboni wa buku lomwe tsambalo linachokera, ndipo mtengo wake wagwa basi. Pansi pa tsamba nthawi zambiri pamakhala kaduwa kong'ambidwa kuonetsa zam'kati. Wopanga khadi amakaona ngati zinyalala, chonsecho pa primrose nkhani yagona pomwepo. Duwali limakhala la mitundu iwiri: lina kamutu ka mbali yachikazi kamaonekera pakamwa pa duwa ngati mutu wa phini, lina pamaonekera timitu ta mungu. Charles Darwin analemba za kusiyana kumeneku mu 1862. Wojambula anatha maola kuti aonetse zimenezi, wina n'kuzitaya mu mphindi imodzi.

Dzuwa nalo limawononga. Chikasu cha primrose n'chofooka kale, ndipo mitundu ina ya utoto wachikasu wa nthawi imeneyo imazilala msanga. Duwa limayera mbee. Masamba a chomeracho amasanduka a buluu, chifukwa kubiriwirako ankakupanga posakaniza buluu ndi chikasu, ndiye chikasu chikathawa buluu amatsala yekha. Utoto wozilala subwerera. Nyumba zosungiramo zakale zimaonetsa mapepala otere pa kuwala kochepa, pafupifupi 50 lux (muyeso wa kuwala), inu chithunzi chanu musamachipachike moyang'anana ndi windo.

Chenjerani ndi anthu amene amati amayeretsa zithunzi zakale. Wina akatchula Jik pofuna kuchotsa mawanga ofiirira, nyamulani chithunzi chanu muzipita. Mawanga amachokadi, koma utoto umapita nawo ndipo pepala limafumbutuka. Kulamineta n'koipa kuposa apo, pulasitikiyo imalowerera m'pepala ndipo kuichotsa n'kovuta kwambiri. Selotepi imasiya banga lachikasu lolowa mpaka kuseri. Pong'ambika, katswiri amamata ndi phala la sitachi wa tirigu ndi pepala lopyapyala la ku Japan, zomwe zimamatuka ndi kachinyezi pang'ono. Mukaona nkhungu musadikire kuti mvula ithe kaye. Chotsani tsambalo m'felemu tsiku lomwelo, liume pamthunzi podutsa mpweya, litalikirane ndi anzake, ndipo musalipukute ndi nsalu yonyowa.

Khadi yanu ipangeni chonchi. Sikanani tsamba lonse ndi m'mbali momwe pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi imodzi), mutaika pepala lakuda kuseri kuti zolemba zisaonekere. Ngati likadali m'buku, jambulani ndi kamera, musathyole msana wa buku pa sikana. Kudula konse kuchitikire pa kompyuta. Sindikizani pa 300 dpi, pa pepala lolimba la 250 kapena 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) losanyezimira. Pa kompyutapo musayeretse kwambiri mtundu wa pepala lakalelo, chifukwa chikasu cha duwa chimathera limodzi nawo ndipo mumatsala ndi masamba okha. Mkati mwa khadi lembani dzina la buku, la wojambula ndi dzina la duwalo, Primula vulgaris. Tsamba lenilenilo ligonekeni m'foda yopanda asidi, pamalo ouma, kutali ndi khoma lomwe limachita chinyezi komanso kumene mphemvu ndi chiswe sizifika.