Kutentha, mphepo ndi moto ku Cape Town: mmene mungamvere chenjezo ndi kuteteza moyo wanu

Uthengawu ndi wa inu amene mukukhala kapena kugwira ntchito ku Cape Town ndi madera ozungulira, monga Hout Bay, Masiphumelele, Dunoon, Paarl ndi Worcester. Kuno nyengo imayenda mosiyana ndi kwathu ku Malawi. Mvula imagwa m'miyezi yozizira, pamene December mpaka March kumakhala kouma, kotentha komanso kwamphepo. Dzuwa, mphepo ndi tchire louma zikakumana, anthu amadwala ndipo nyumba zimapsa. Komabe masiku oipawa sabwera mwadzidzidzi. Akatswiri a zanyengo amawaona akadali kutali, ndipo munthu womva chenjezo lawo amakhala ndi nthawi yokonzekera.

Zimene akatswiri a zanyengo amayang'ana

Bungwe la South African Weather Service limalengeza kuti kwabwera kutentha koopsa ngati kwa masiku atatu otsatizana kutentha kwa masana kukuposa ndi madigiri 5 kapena kupitirira apo mlingo wanthawi zonse wa mwezi wotentha kwambiri m'deralo. Choncho muyezo wa ku Paarl si wofanana ndi wa m'mphepete mwa nyanja. Masiku atatuwo ali ndi chifukwa chake. Thupi limatha kupirira tsiku limodzi, koma usiku ukakhala wotenthanso silipuma, ndipo pofika tsiku lachitatu limakhala litafooka.

Chachikulu kuno ndi mphepo. M'chilimwe kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakummawa, imene eni dziko amaitcha Cape Doctor. Amene anakulira kunyanja kwathu aiyerekeze ndi mwera. Mukaona mtambo woyera utayala pamwamba pa phiri la Table Mountain, dziwani kuti yayamba. Mphepoyi imaziziritsa khungu, n'chifukwa chake imapusitsa. Thukuta limauma musanalione, mumaganiza kuti simukutaya madzi, chonsecho thupi likuuma. Moto ukabuka tsiku lotero umathamanga kuposa munthu, ndipo nthawi zina ndege zothira madzi zimalephera kuuluka.

Pali mphepo inanso yochokera kumtunda, m'kati mwa dziko, imene imatsika mapiri kulowera kunyanja. Mpweya ukamatsika umapanikizika n'kutentha, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse, ndipo umafika kugombe uli wotentha ndi wouma. Ndiyo imabweretsa masiku amene ngakhale kugombe sikupumika. Pa 3 March 2015 kutentha mumzinda wa Cape Town kunapitirira madigiri 40, pomwe moto umene unayambira kumtunda kwa Muizenberg unali ukuyaka m'mapiri mpaka kufupi ndi Hout Bay. Mphepo yotereyi ikatha, imatembenuka mwadzidzidzi n'kuyamba kuchokera kunyanja. Mitima ya anthu imakhala pansi chifukwa kwazizira, koma ozimitsa moto amaopa nthawi imeneyi kwambiri, popeza moto umene unkalowera kwina umatha kukhotera kumene kuli nyumba. Mukamamvera zanyengo pawailesi kapena pafoni, musangomva nambala ya madigiri. Mvetserani kumene mphepo ichokere, mphamvu yake, ndi nthawi imene itembenuke.

Chiopsezo cha moto chimalengezedwa ndi mitundu isanu: buluu, wobiriwira, wachikasu, olenji ndi wofiira. Chikafika pa olenji kapena pofiira, tsiku limenelo si lotentha zinyalala, kuotcha nyama patchire, kapena kudula zitsulo ndi makina othetheka pafupi ndi udzu. Ngakhale abwana akulamuleni kutentha masamba m'munda, akumbutseni mwaulemu za chenjezolo.

Kutentha kumachita chiyani m'thupi

Ambiri a ife timanena kuti, "Ine ndine wa ku Nsanje, dzuwa la kuno n'chiyani?" N'zoona kuti thupi limazolowera kutentha, koma kuzolowerako kumatha munthu akakhala nthawi kumalo kozizira. Komanso kumudzi dzuwa likaswa mtengo munthu amaweruka kumunda n'kukakhala pamthunzi. Pantchito yolembedwa, kaya ndi yomanga, yosamalira maluwa, yaulonda kapena yothyola mphesa, munthu amakakamira mpaka ola lakwana chifukwa choopa kudulidwa malipiro. Mu January 2023 anthu angapo, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'minda, anamwalira ndi kutentha ku Kakamas m'chigawo cha Northern Cape.

Matendawa amayamba ndi kulefuka. Munthu amatuluka thukuta lambiri, mutu umapweteka, amamva chizungulire ndi mseru, minofu ya m'miyendo kapena pamimba imakokana, ndipo mkodzo umachepa n'kukhala wachikasu kwambiri. Apa munthuyo amayankhulabe zomveka. Muikeni pamthunzi, mugonekeni miyendo ili m'mwamba pang'ono, masulani zovala, mupukuteni ndi nsalu yonyowa ndipo mumwetseni madzi pang'onopang'ono. Ngati muli ndi paketi ya Thanzi ORS, sungunulani mumpatse. Ngati mulibe, makiliniki a kuno amalangiza kusungunula masipuni ang'onoang'ono 8 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Akapanda kupeza bwino pakatha mphindi 30, pitani naye kuchipatala. Tsiku limenelo asabwererenso padzuwa.

Gawo lachiwiri ndi lakupha. Kutentha kwa thupi kumafika madigiri 40 kapena kupitirira, ndipo ubongo umasokonezeka. Munthu amayankhula zosagwirizana, amadzandira ngati waledzera, amakwiya popanda chifukwa, amagwa khunyu kapena kukomoka. Khungu likhoza kukhala louma, koma kwa munthu amene amagwira ntchito yolemetsa likhozanso kukhala lonyowa, choncho musadikire kuti thukuta lisiye. Chizindikiro chodalirika ndi kusokonezeka kwa mutu. Anzake ambiri amalakwitsa pomuseka kuti wamwa kapena kumusiya kuti agone kaye.

Itanani ambulansi nthawi yomweyo, ndipo yambani kumuziziritsa osadikira kuti ifike. Muvuleni zovala zolemera, mumuthire madzi ozizira thupi lonse mobwerezabwereza uku mukumukupiza ndi katoni kapena chitenje. Ikani nsalu zozizira kapena madzi oundana okulunga pansalu pakhosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Ngati sakudziwa kanthu, mugonekeni chammbali ndipo musamuthire chilichonse m'kamwa. Panado sathandiza pa vutoli, chifukwa uku si kutentha kwa malungo.

Ofunika kuwayang'anira kwambiri

Makanda, okalamba, amayi oyembekezera, ndi odwala matenda a shuga, mtima, impso kapena kuthamanga kwa magazi amafooka msanga. Mwana wosakwana miyezi 6 amene akuyamwa asapatsidwe madzi, koma ayamwitsidwe pafupipafupi, ndipo mayi amwe madzi ambiri. Mwana akasiya kunyowetsa matewera, liwombo likalowa, kapena akangoti lefu osafuna kuyamwa, thamangirani kuchipatala. Musafunditse mwana wakumsana ndi bulangete masana otentha, ndipo musamusiye m'galimoto yotseka ngakhale mwangolowa m'sitolo kwa kanthawi.

Mapiritsi ena a BP amakodzetsa, ndipo ena mwa ma ARV amadutsa mu impso, choncho thupi likauma impso zimavutika. Musasiye kumwa mankhwala anu. Imwani madzi okwanira, pewani kumwa mankhwala opha ululu a ibuprofen mwachisawawa masiku otentha, ndipo mukapita kokatenga mankhwala funsani anamwino zoyenera kuchita. Amene dokotala anawauza kuti achepetse madzi chifukwa cha mtima kapena impso afunsenso asanawonjezere.

Pantchito, musadikire ludzu. Imwani kapu ya madzi pafupifupi mphindi 20 zilizonse mukamagwira ntchito yolemetsa padzuwa, valani chipewa, ndipo pemphani kuti ntchito yovuta ichitike mmawa. Mowa umawonjezera kuuma kwa thupi, ndipo matsire a Lolemba pamodzi ndi dzuwa la madigiri 38 ndi ngozi yeniyeni.

M'nyumba za malata

Nyumba yaing'ono ya malata imatentha kwambiri kuposa panja, ndipo usiku anthu amaopa kutsegula chifukwa cha akuba. Masana tulutsani ana ndi agogo akakhale pamthunzi podutsa mphepo. Phikani mmawa kwambiri kapena madzulo. Usiku nyowetsani chitenje n'kudzifunditsa. Denga lopakidwa penti yoyera limachepetsako kutentha.

Nyumbazi zimakhala zothithikana, ndiye moto wa nyumba imodzi ndi wa onse. Mu March 2017 moto unapsereza nyumba zoposa 2,000 ku Imizamo Yethu ku Hout Bay, ndipo mu December 2020 nyumba zoposa 1,000 zinapsa ku Masiphumelele mphepo ikuwomba mwamphamvu. Nthawi zambiri moto wotere umayamba ndi zinthu zazing'ono: kandulo yosiyidwa, sitovu ya palafini yogubuduzika, mawaya amagetsi olumikiza mwachinyengo, kapena munthu amene wagona mphika uli pamoto. Ikani kandulo m'botolo lagalasi lokhala ndi mchenga pansi. Sungani ndowa ya mchenga pafupi ndi khomo, chifukwa moto wa palafini kapena mafuta ophikira suzimitsidwa ndi madzi, madziwo amangoumwaza. Magetsi akathima, zimitsani sitovu ndi ayironi nthawi yomweyo kuti zisadzayake muli kutulo. Pasipoti, mapepala achilolezo, makadi akuchipatala ndi mankhwala zikhale m'chikwama chimodzi chosavuta kunyamula, ndipo zijambuleni pafoni. Musatsekere ana m'nyumba ndi loko mukamapita kuntchito.

Moto ukabuka, kuwani, tulutsani anthu, ndipo thawirani chammbali mwa mphepo, osati kumene ikulowera. Paphiri musathawire kumtunda, chifukwa moto umakwera msanga kuposa mmene umatsikira. Musabwerere kukatenga katundu.

Utsi ndi zilonda zamoto

Utsi umafika kutali ndi kumene kukuyaka. Pa moto wa April 2021, umene unawotcha laibulale ya Jagger pa University of Cape Town, utsi unakuta madera ambiri a mzindawu. Odwala mphumu, chifuwa chachikulu kapena mtima akhale m'nyumba, atseke mawindo a mbali imene utsi ukuchokera, ndipo mankhwala opopera akhale pafupi. Masiki ansalu satsekereza tizidutswa tating'onoting'ono ta utsi, koma masiki apadera otchedwa N95 amathandiza. Kubanika kapena kupweteka pachifuwa n'kofunika chipatala msanga.

Munthu akapsa, thirani madzi ozizira apampopi pachilondapo kwa mphindi 20, chotsani mphete ndi zibangili malowo asanatupe, ndipo phimbani ndi nsalu yoyera. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi, ndipo musaboole matuza. Chovala chikamatirira pachilonda chisiyeni. Mwana aliyense wopsa, komanso aliyense wopsa kumaso, m'manja kapena kumaliseche, aonedwe ndi achipatala.

Ofuna kukadziziziritsa kunyanja adziwe kuti madzi a mbali ya Atlantic amazizira kwambiri ngakhale m'chilimwe, ndipo pali mafunde okokera munthu pakati. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pamene pali opulumutsa anthu, ndipo musalowe m'madzi mutamwa mowa.

Koitana thandizo

Pafoni yam'manja imbani 112, kapena 021 480 7700 yomwe ndi ya zangozi ya mzinda wa Cape Town. Nambala ya ambulansi ndi 10177. Tchulani bwino dera, msewu ndi chizindikiro chodziwika chapafupi, ndipo wina akadikire pamsewu kuti awalondolere. Ena amazengereza kuimba chifukwa mapepala awo anatha. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chachipatala pa ngozi, ndipo silisankha nzika kapena mlendo. Sungani manambalawa m'foni yanu ndi ya ana anu lero.